Miyendo itatu, mitundu isanu: m'mene diode, transistor, thyristor ndi IC zimasiyanirana

Ikani patebulo tizipangizo tisanu iti: TIP41, IRFZ44N, BT136, 7805 ndi MBR2045CT. Tonse ndi takuda, tofanana msinkhu, tili ndi miyendo itatu ndi kachitsulo kobowola kumsana komangirapo. Mutafufuta manambala ake, ngakhale mmisiri amene wakalambira pa ntchito yokonza mawailesi sangatisiyanitse ndi maso. Komatu koyambako ndi transistor yokweza mawu mu amplifaya, kachiwiri ndi MOSFET ya mu inveta ya sola, kachitatu ndi triac yosinthira liwiro la fani, kachinayi ndi IC yathunthu yotulutsa ma volt 5 osagwedezeka, ndipo komalizako ndi ma diode awiri otsekeredwa pamodzi. Mukaika kena pamalo pa kanzake, chotsatira chake ndi utsi.

Tizipangizo timeneti ndi ta banja lomwe akatswiri amalitcha solid state. Banjali ndi lalikulu kwambiri moti wofuna kulimvetsa amayamba ndi kuligawa m'magulu, ndipo apa ndi pomwe ophunzira ambiri a zamagetsi amasokonekera. Buku lina ligawa powerenga miyendo, lina poona chomwe kachipangizoko kapangidwira, lina potengera ntchito, ndiye mindandandayo sigwirizana. Palibe buku lomwe likunama. Lililonse likuyankha funso lakelake. Koma mafunsowo salemera mofanana, ndipo ine ndimaona kuti lolemera kuposa onse ndi ili: ndani amalamula kuti magetsi ayambe kudutsa, nanga ndani amalamula kuti asiye? Munthu akaligwira funso limeneli, magulu enawo savutanso.

Banjali lisanabwere, ntchito inkagwiridwa ndi ma valve, mababu agalasi ochotsedwa mpweya, momwe kawaya kotenthetsedwa kankalavula ma elekitironi kuti adumphe malo opanda kanthu mpaka kukafika pa kachitsulo kena. John Ambrose Fleming anapanga valve yoyamba mu 1904. Kompyuta ya ENIAC, yomwe inaonetsedwa ku America mu 1946, inali ndi ma valve opitirira 17,000 ndipo inkadya magetsi okwana ma kilowatt 150. Nayo wailesi ya Saucepan Special, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1949 kuti anthu a m'chigawo chathu chino azimvera mapulogalamu ochokera ku Lusaka, inali ya ma valve anayi ndipo inkafuna chibatire cholemera. Wailesi za Nzeru zomwe zinadzafala m'midzi pambuyo pake zinkayendera mabatire a tochi chifukwa zinali za ma transistor. Kusiyana kwake n'kwakuti mu transistor mulibe chotenthetsa, mulibe galasi, mulibe choyenda. Magetsi amayenda m'kati mwa kachidutswa kolimba, ndipo ndi m'kati momwemo momwe amalamulidwira.

Kachidutswako nthawi zambiri ndi silicon, yemwe amachokera ku mchenga. Silicon woyera salola magetsi kudutsa bwino ngati kopa, komanso sakana ngati galasi. Atomu yake ili ndi ma elekitironi anayi kunja, onse ogwirana ndi a maatomu oyandikana nawo. Opanga amathiramo dala timaatomu tochepa kwambiri ta mtundu wina. Akathira phosphorus, yemwe ali ndi ma elekitironi asanu kunja, imodzi imatsala yopanda poigwira ndipo imayenda momasuka: ameneyu ndi silicon wa mtundu wa N. Akathira boron, yemwe ali ndi atatu, pamatsala mpata wosowa elekitironi: ameneyu ndi wa mtundu wa P. Mpatawo nawo umayenda, monga zimachitikira pa benchi ya kuchipatala: wakutsogolo akalowa kwa dokotala, aliyense amasendera kutsogolo, ndipo malo opanda munthu aja amabwerera m'mbuyo mpaka kukafika kumapeto. Choncho pali zonyamula magetsi ziwiri, ma elekitironi ndi mipata.

Pomwe P wakumana ndi N m'kachidutswa kamodzi pamabadwa malire odabwitsa, omwe Russell Ohl anawatulukira ku Bell Labs mu 1940. Mukalumikiza batire mbali ina, malirewo amatseguka voltage ikangofika pafupifupi 0.7 ndipo magetsi amadutsa. Mukatembenuza batire, amatseka. Njira imodzi yakale yogawira banja lonseli ndi kuwerenga malire amenewa. Pali zopanda malire, monga thermistor yomva kutentha ndi LDR yomva kuwala ija imayatsa nyale zapanja kukada. Za malire amodzi ndi ma diode, za awiri ndi ma transistor a NPN ndi PNP, za atatu ndi ma thyristor. Kagawidwe aka n'kokoma kuloweza, koma kamasiya panja MOSFET, yomwe ntchito yake yeniyeni sichitikira podutsa malire, pomwe ndiyo transistor yochuluka kuposa ina iliyonse padziko lero. N'chifukwa chake ndimabwerera ku funso la wolamula lija.

Diode ilibe woilamula. Ili ndi miyendo iwiri basi, ndipo imatsegula kapena kutseka potengera komwe magetsi akukankhira. Ntchito yake yodziwika ndi kuwongola magetsi. A Escom amabwera ndi ma volt 230 a AC, opita uku n'kubwerera ka 50 pa sekondi, pomwe foni, wailesi ndi batire zimafuna DC yoyenda mbali imodzi. Ma diode anayi olumikizidwa mopingasa amagwira ntchitoyo m'machaja ambiri, ndipo mu alitaneta ya galimoto muli asanu ndi imodzi kapena kuposa. Ka 1N4007 kaja, kakuda ndi kamzere kotuwa kumapeto, kamapirira ma volt 1,000 ndi amp imodzi, n'chifukwa chake amisiri sakasowa m'kabotolo kawo.

Pansi pa dzina limodzi la diode pali mitundu yomwe zochita zake n'zotalikirana. Zener imaikidwa chotembenuza mwadala, kuti voltage ikafika pamlingo womwe inapangidwira, monga 5.1 kapena 12, itseguke n'kuigwira pomwepo. Schottky ilibe malire a P ndi N, malire ake ndi a chitsulo ndi silicon. Imangodya ma volt 0.2 mpaka 0.4 ndipo imatseka msanga, motero ndi imene imaikidwa kotulukira magetsi mu chaja. Varactor imasunga magetsi pang'ono ngati capacitor, ndipo mlingo wake umasintha ndi voltage, zomwe zinachititsa kuti wailesi ndi TV zizisaka masiteshoni popanda chingwe chozunguza. Palinso tunnel diode ya Leo Esaki ya mu 1957, yomwe inamupezetsa mphoto ya Nobel koma simudzakumana nayo kawirikawiri pa benchi.

Gulu lomwe lasintha miyoyo ya anthu ambiri kwathu kuno ndi la ma diode ochita ndi kuwala. Mabuku amaliika padera, koma m'kati mwake ndi malire omwe aja a P ndi N. Mu LED, elekitironi ikagwera mumpata imatulutsa mphamvu yake ngati kuwala, ndipo mtundu wa kuwalako umadalira chomwe LED yapangidwira, osati utoto wa pulasitiki. Nick Holonyak anapanga yofiira mu 1962. Ya buluu inavuta kwa zaka pafupifupi 30, mpaka Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura anaigonjetsa ndi gallium nitride, ntchito yomwe inawapezetsa Nobel mu 2014. Babu loyera lomwe mwana akuwerengera usiku uno ndi LED ya buluu yokutidwa ndi kankhwala kachikasu. Panelo ya sola imachita zomwezo chobwerera: kuwala kumalowa, n'kumasula ma elekitironi, malire aja n'kuwakankhira mbali imodzi. Yoyamba yogwira ntchito bwino inatuluka ku Bell Labs mu 1954 ndipo inkasandutsa magetsi 6 peresenti yokha ya kuwala kwa dzuwa. Selo imodzi imapereka pafupifupi theka la volt. Werengani timabwalo pa panelo yotchajira batire ya ma volt 12, nthawi zambiri mupeza 36, omwe pamodzi amapereka pafupifupi ma volt 18. Panelo ndi mzere wa ma diode otambalala oyang'ana kumwamba.

Transistor ndi pomwe wolamula amalowera. Mwendo wachitatu umatsegula njira, umaitseka, ndiponso ungaisiye pakatikati. Ikamagwira ntchito pakatikatipo ndiye kuti ikukweza mawu kapena siginolo. Ikamangotsegula ndi kutseka ndiye kuti ndi switchi yopanda choyenda. John Bardeen ndi Walter Brattain anaonetsa yoyamba mu Disembala 1947 ku Bell Labs, yopangidwa ndi germanium, ndipo William Shockley anakonza ya malire awiri yomwe inadzafala. Atatuwa analandira Nobel mu 1956.

Ma transistor ali m'mafuko awiri akuluakulu, ndipo kusiyana kwawo ndi chinthu chomwe wophunzira ayenera kuchigwira bwino kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Fuko loyamba ndi BJT, momwe muli NPN ndi PNP, ndipo miyendo yake ndi emitter, base ndi collector. Iyi imalamulidwa ndi current: magetsi ochepa olowa pa base amalola ochuluka, mwina kuwirikiza ka 100 kapena kuposa, kudutsa pakati pa collector ndi emitter. Koma base iyenera kudyetsedwa nthawi yonse. Mukasiya, njira yatsekeka. Fuko lachiwiri ndi FET, la miyendo yotchedwa source, gate ndi drain, ndipo limalamulidwa ndi voltage. Mu MOSFET, yomwe ndi mtundu umodzi wa FET, gate sikhudzana n'komwe ndi silicon. Pakati pawo pali kachikopa kopyapyala kwambiri ka silicon dioxide. Voltage ikaikidwa pa gate imakokera ma elekitironi pansi pa kachikopako, n'kupanga kanjira kuchokera ku source kufika ku drain. Gate ikangodzaza siidyanso magetsi. BJT imagwiritsa ntchito ma elekitironi ndi mipata yomwe, pomwe FET imagwiritsa chimodzi chokha: ya N-channel ma elekitironi, ya P-channel mipata. Pansi pa FET palinso JFET, komanso kusiyana kwa zomwe zimakhala zotseka mpaka mutazitsegula ndi zomwe zimakhala zotsegula mpaka mutazitseka, koma zambiri zomwe mmisiri amakumana nazo ndi zotseka zija.

Julius Lilienfeld analembetsa ganizo la FET mu 1925, koma panalibe luso loipangira mpaka Mohamed Atalla ndi Dawon Kahng anapanga MOSFET mu 1959. Kachikopa kaja ndiye mphamvu yake komanso kufooka kwake. IRFZ44N imapirira ma volt 55 pakati pa drain ndi source, koma gate yake siyenera kupitirira 20, pomwe thupi la munthu m'nyengo youma limatha kusunga magetsi a ma volt masauzande. Kuigwira miyendo mwachisawawa kungaiphe isanafike pa bodi, osatulutsa utsi kapena fungo. Koma ikatsegula imatsegula kwathunthu, pafupifupi ngati waya. Inveta ya ma watt 600 yoyendera batire ya ma volt 12 imakoka ma amp osachepera 50, ndipo ndi ma MOSFET ondanda pa chitsulo choziziritsa omwe amanyamula katundu ameneyu. Mu 1963 Frank Wanlass wa ku Fairchild analumikiza N-channel ndi P-channel kuti ina ikatsegula inzake izitseka. Kalumikizidwe kameneka, kotchedwa CMOS, kamadya magetsi makamaka panthawi yosintha, ndipo ndi kamene kachititsa kuti foni izitha tsiku pa batire imodzi.

IGBT, yomwe inafala m'zaka za m'ma 1980, ndi mkaladi wa mafuko awiriwa: polamulira ndi MOSFET, ponyamula katundu ndi BJT. Ndi imene ili m'makina owotcherera ang'onoang'ono omwe owotcherera mageti amanyamula ndi dzanja limodzi masiku ano, komanso m'mainveta a mapampu a sola.

Pakati pa diode yopanda woilamula ndi transistor yomvera zonse pali thyristor, yomwe imamvera theka. Ili ndi zigawo zinayi, P-N-P-N. Kukhudza gate yake ndi timagetsi pang'ono, kwa kanthawi kochepa, kumaitsegula, ndipo ikatsegula gate ilibenso ulamuliro. Imatseka yokha magetsi odutsamo akatsika kufika pafupi ndi ziro. Pa DC khalidweli ndi lovuta, koma pa AC ya ka 50 magetsi amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, ndiye thyristor siichedwa kutsekedwa yokha. Chomwe wopanga makina amasankha ndi nthawi yoitsegulira: msanga, mphamvu zambiri; mochedwa, zochepa. General Electric inatulutsa thyristor ya mtundu wa SCR mu 1957. Triac ndi yofanana nayo koma imadutsitsa mbali zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri imayenda ndi diac, kamene kamadikira ma volt pafupifupi 30 kasanaikhudze.

Wofuna kuona kukula kwa ntchito ya thyristor sasowa kupita kutali. Ku Songo m'chigawo cha Tete, pafupi ndi damu la Cahora Bassa pa Zambezi, magetsi a AC amasandutsidwa DC ya ma volt 533,000 n'kutumizidwa ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg, komwe amabwezeredwa kukhala AC. Ntchitoyi inayamba mu 1977, ndipo inali imodzi mwa ntchito zazikulu zoyambirira padziko kudalira ma thyristor m'malo mwa ma valve a mercury. Palibe thyristor imodzi ingapirire voltage yotere, choncho amalumikizidwa mazanamazana pamzere n'kutsegulidwa nthawi imodzi. Mfundo yake ndi yomweyo ya kachipangizo kosinthira liwiro la fani. Zimandikhudza kuti mwana wa sukulu ku Dedza kapena ku Angónia angathe kumvetsa ntchito yaikulu chotero atagwira triac imodzi m'manja, ndipo n'kulakwa kumuphunzitsa mayina okha osamuonetsa zimenezi.

Kagawidwe kena sikafunsa za mtundu wa kachipangizo koma kuchuluka kwake: kodi kali kokha, kapena tambiri taumbidwa pa kachidutswa kamodzi? Jack Kilby wa ku Texas Instruments anaonetsa IC yoyamba mu Seputembala 1958, ndipo Robert Noyce anakonza ya silicon mu 1959. IC si mtundu watsopano pambali pa diode ndi transistor. Ndi zomwezo, zolumikizidwa kale kufakitale. Ya 555, yomwe inatuluka mu 1972, ili ndi ma transistor opitirira pang'ono 20. Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi 2,300. Apple M1 ya mu 2020 ili ndi mabiliyoni 16. Mayina a SSI, MSI, LSI ndi VLSI omwe amafunsidwa pa mayeso amangosonyeza kukwera kumeneku, ndipo sathandiza kwenikweni pa ntchito. Chothandiza ndi kudziwa ngati IC ndi ya analog, yogwira siginolo yokwera ndi kutsika monga TDA2030 yokweza mawu, kapena ya digital, yongodziwa 0 ndi 1, kapena yophatikiza zonse. Memori khadi ndi fulashi nazo ndi ma MOSFET, okhala ndi gate yachiwiri yotsekeredwa mbali zonse, momwe ma elekitironi akalowa amakhala zaka popanda batire.

Ponena za chopangira, germanium ndiye anayamba, koma amafooka kutentha kusanafike madigiri 100, pomwe silicon amafika pafupifupi 150, n'chifukwa chake anamulanda malo. Gallium arsenide ndi wothamanga, ndipo amagwira ntchito potumiza siginolo ya foni ndi m'tizipangizo tolandira siginolo pa dishi. Silicon carbide ndi gallium nitride ndi olimba pa voltage yaikulu ndi pa kutentha: woyambayo ali m'galimoto zamagetsi ndi mainveta akuluakulu a sola, wachiwiriyo ali m'machaja ang'onoang'ono amphamvu olembedwa GaN. Chopangira chimasintha mlingo wa zomwe kachipangizo kangapirire, koma sichisintha fuko lake. MOSFET ya silicon carbide imalamulidwabe ndi voltage pa gate.

Mita wamba yoikidwa pa chizindikiro cha diode imatsimikizira magulu amenewa. Diode ya silicon imaonetsa pakati pa 0.5 ndi 0.7 mbali imodzi, mbali ina osaonetsa kanthu. BJT imaoneka ngati ma diode awiri okumana pa base. Gate ya MOSFET yamoyo siionetsa kanthu ndi mwendo wina uliwonse, ndipo ikaonetsa ndiye kuti kachikopa kaja kabooka. Triac yamoyo imakhala yotseka pakati pa miyendo yake ikuluikulu.

Manambala nawo amanena fuko, koma mwa kalembedwe katatu. Kalembedwe ka ku America kamayamba ndi 1N pa diode ndi 2N pa transistor, monga 1N4148 ndi 2N3055, osanena zambiri. Ka ku Ulaya ndi kolongosoka: chilembo choyamba A ndi germanium, B ndi silicon, chachiwiri C ndi transistor yaing'ono, D ndi yamphamvu, Y ndi diode yowongola magetsi, Z ndi Zener, ndiye BC547, BD139 ndi BY127 zimadzifotokoza zokha. Ka ku Japan kamati 2SA ndi 2SB ndi PNP, 2SC ndi 2SD ndi NPN, 2SK ndi FET ya N-channel, 2SJ ndi ya P-channel, koma pa kachipangizo amasiya 2S yakutsogoloyo. N'chifukwa chake amisiri amangoti C945, kapena C5200 ndi A1943 za mu amplifaya za m'matchalitchi ndi m'maukwati. Msampha ulipo: BC547 nayo kawirikawiri imalembedwa C547, ngati ya ku Japan pomwe si ya ku Japan.

Posintha kachipangizo kakufa pomwe nambala yake yasowa pamsika, fuko ndiye loyamba kufanana, kenako mbali, NPN kapena PNP, N-channel kapena P-channel, kenako voltage, current ndi liwiro zisachepere pa zakalezo. Zikatha izi pamatsala miyendo. BC547, 2N3904 ndi C945 zonse ndi NPN zazing'ono zokhoza kulowana ntchito zambiri, koma mukaziyang'ana mbali yaphwatalala, miyendo ili pansi, kuyambira kumanzere BC547 imayenda collector, base, emitter. 2N3904 imayenda emitter, base, collector. Ndipo C945 imayenda emitter, collector, base. Pa tizipangizo tating'onoting'ono towotcherera pamwamba pa bodi ya foni ndi dikoda, malo olemba nambala yonse palibe, amangolemba zilembo ziwiri kapena zitatu, ndipo makampani osiyana amatha kugwiritsa ntchito zilembo zofanana pa zinthu zosiyana. Pamenepo mmisiri amayamba watsatira mizere ya pa bodi kuti aone ntchito yomwe kachipangizoko kamagwira, kenako amasaka datasheet yake pa intaneti asanachotse chilichonse.